CHOTUPA CHA MU UBONGO NDI MABOTOLO A PA MSIKA

Tsiku la msika pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Liwonde sipalephera kupezeka munthu wa chimkuzamau amene wayala timabotolo ndi timapaketi ta ufa pa mphasa. Mankhwala akewo akuti amatsuka magazi, amachotsa poizoni m'thupi, amachiza shuga ndi khansa ya mtundu uli wonse. Masiku ano ogulitsawa aphunziranso mau a Chingerezi oti antioxidant, ndipo akawatchula, anthu amaona ngati akumva nzeru za ku chipatala. Ena mwa ogulawo amakhala atasiya wodwala kunyumba: bambo amene mutu wakhala ukumupweteka kwa miyezi itatu, kapena mwana amene wayamba kudzandira ndi kusanza m'mawa uli wonse. Banja limagulitsa mbuzi kapena thumba la chimanga kuti lipeze botolo lachiwiri ndi lachitatu, ndipo nthawi yonseyo chotupa chimakhala chikukula m'mutu mwa wodwalayo.

Mau akuti antioxidant si opeka ayi. Zinthu zotere zilipodi, m'thupi mwathu ndi m'zakudya zathu, ndipo popanda izo sitingakhale ndi moyo. Koma pa nkhani ya chotupa cha mu ubongo pali zina zimene wogulitsa uja sanena. Tiyeni tiyambe ndi kumvetsa chimene zinthuzi zimachita.

Moto umene uli m'thupi mwathu

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'selo lili lonse muli moto wopanda lawi umene umatentha chakudya chimene tadya kuti tipeze mphamvu. Monga moto wa pa mafuwa, moto umenewu umafuna mpweya, ndipo mpweya wake ndi wa okosijeni umene timapuma. Ndi mpweya womwewo umene umachititsa dzimbiri pa khasu losiyidwa pa mvula, ndi kudetsa nthochi kapena peyala likadulidwa ndi kusiyidwa pa mtetete.

Mayi ali yense amadziwa kuti moto suyaka popanda kuthetheka. Momwemonso m'maselo mumatuluka mbaliwali, ndizo tinthu tolusa timene madokotala amati free radicals. Mbaliwali zimenezi zikagwera pa chikopa cha selo zimachiboola, ndipo zikagwera pa malangizo a chibadwa amene analembedwa m'kati mwa selo, otchedwa DNA, zimawasokoneza. Utsi wa fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera, kachasu ndi matenda okhalitsa zimachulukitsa mbaliwalizi.

Koma thupi silikhala chimanjamanja. Lili ndi ozimitsa moto ake amene limadzipangira lokha. Mmodzi dzina lake ndi superoxide dismutase, amene ntchito yake inazindikiridwa mu 1969 ndi akatswiri awiri a ku America, Joe McCord ndi Irwin Fridovich. Wina ndi catalase, ndipo ameneyu ambiri a inu munamuonapo ali pa ntchito. Namwino akathira mankhwala otsukira a hydrogen peroxide pa bala, pamachita thovu loyera. Thovulo ndi chizindikiro chakuti catalase wa m'magazi mwanu akuphwanya mankhwalawo kuti asanduke madzi ndi mpweya. Wachitatu ndi glutathione, amene amapezeka m'selo lili lonse. Pamwamba pa amenewa pali othandiza ochokera ku zakudya, monga vitamini C ndi vitamini E. Onsewa pamodzi ndiwo otchedwa ma-antioxidant. Mbaliwali zikachuluka kuposa mphamvu ya ozimitsawa, maselo amayamba kuonongeka, ndipo vuto limeneli ndilo madokotala amalitcha oxidative stress.

Chifukwa chake ubongo uli pa ngozi

Ubongo wa munthu wamkulu sukwana ndi kilogalamu imodzi ndi theka yomwe. Pa kulemera kwa thupi lonse, uli ngati magawo 2 pa 100 ali onse. Komabe umadya magawo 20 pa 100 a okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo moto wake suzima ngakhale tili m'tulo. Kuonjezera apo, ubongo uli ndi mafuta ambiri a mtundu wosachedwa kuonongeka ndi mbaliwali. Tingaufanizire ndi khitchini yofolera ndi udzu wouma, m'mene moto umayaka usana ndi usiku.

Tsono chotupa chimayamba pamene malangizo a m'selo limodzi asokonekera, selolo n'kuyamba kuswana mosalekeza. Mu ubongo, kawirikawiri maselo amene amachita zimenezi si amene timaganizira aja, koma ena amene amawachirikiza ndi kuwadyetsa, kapena a nembanemba imene imakuta ubongo. Akatswiri apeza kuti m'zotupa zotere zizindikiro za kuonongeka kochitidwa ndi mbaliwali zimakhala zambiri. Koma tisathamangire kunena kuti wodwalayo anadya molakwa kapena kuti pali chimene analakwa. Zinthu zodziwika bwino zoyambitsa zotupa za mu ubongo ndi zochepa: cheza champhamvu kwambiri chikaomba mutu, makamaka pa ubwana, ndi matenda ena osowa a ku mtundu. Odwala ambiri sanakumanepo ndi chili chonse mwa zimenezi. Matendawa si opatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha kulodzedwa kapena majini. Pali zotupa zinanso zimene zimachita kufika mu ubongo kuchokera kwina, monga ku khansa ya m'mawere kapena ya m'mapapo.

Zotupa sizifanana. China chotchedwa meningioma chimamera pa nembanemba ija, chimakula pang'onopang'ono, chimapezeka kwambiri mwa amayi, ndipo nthawi zambiri si khansa. Dokotala wa opaleshoni akachichotsa chonse, munthu angathe kukhala zaka zambiri ali bwino. China chotchedwa glioblastoma ndi choopsa zedi. Kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 2005 anasonyeza kuti ngakhale odwala amene analandira opaleshoni, cheza ndi mankhwala a temozolomide, theka la iwo anali atamwalira pomatha miyezi 15. Tikunena zimenezi poyera kuti muone kukula kwa mdaniyo, ndi kuti mudzifunse nokha ngati ufa wa mu paketi ungachite zimene zipatala zazikulu za ku Ulaya zikulimbana nazo mpaka lero.

Chotupa nacho chili ndi ozimitsa moto

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu angaganize kuti popeza mbaliwali zimaononga maselo, ndiye kuti kumwa ma-antioxidant ambiri kungachize chotupa. Maganizo amenewa ndi omveka, ndipo madokotala ambiri ankaganiza chimodzimodzi zaka za m'mbuyomo. Koma chotupa chikangomera, zinthu zimatembenuka.

Maselo a khansa amaswana mofulumira, motero moto wao ndi waukulu ndipo mbaliwali zao ndi zambiri kuposa za maselo abwino. Akanapanda kudziteteza, bwenzi akudziotcha okha. Choncho amadzikundikira ozimitsa moto ochuluka, makamaka glutathione uja. Chotupa chimene chakundika zodzitetezera zambiri ndicho chimavuta kuchigonjetsa.

Nanga dokotala amachigonjetsa bwanji? Njira imodzi yaikulu ndi ya cheza, imene ku chipatala amati radiotherapy. Makina amalunjikitsa cheza champhamvu pa chotupa, ndipo chezacho chimaphwanya madzi a m'maselo n'kutulutsa mbaliwali zankhaninkhani nthawi imodzi. Gawo lalikulu la ntchito ya cheza limachitika m'njira imeneyi. Mankhwala ena a khansa nawonso amagwira ntchito mofananamo. Kunena kwina, dokotala amayatsa dala moto pa chotupa, monga mlimi amatentha mulu wa zinyalala atalambula m'mbali kuti moto usalowe m'munda. Tsono taganizani za wodwala amene pa nthawi yomweyo akumwa mobisa mapiritsi amphamvu ozimitsa mbaliwali. Mapiritsiwo sasankha selo labwino kapena loipa. Angathe kukhala akutungira madzi mdani amene dokotala akufuna kumutentha. Ndi chifukwa chake madokotala a khansa amaletsa odwala ao kumwa mapiritsi otere popanda kuyamba afunsa.

Zimene zinaoneka atayesa

Nkhaniyi si yongoganizira. M'dziko la Finland anayesa mapiritsi a mavitamini pa amuna osuta fodya oposa 29,000, poyembekezera kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo. Zotsatira zitatuluka mu 1994, madokotala anadabwa kwambiri: mwa amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, khansayo inachuluka ndi 18 pa 100 ali onse poyerekeza ndi amene sankamwa. Kafukufuku wina wofanana naye ku America anaimitsidwa mu 1996 nthawi yake isanakwane, chifukwa anaonanso zomwezo. Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa amuna pafupifupi 35,000, zosonyeza kuti mapiritsi a vitamini E anachulukitsa khansa ya prostate ndi 17 pa 100 m'malo moichepetsa.

Makhansa amenewa si a mu ubongo, koma phunziro lake likutikhudza. Ngati mapiritsi oyezedwa bwino, opangidwa m'mafakitale odziwika, analephera kuteteza anthu ndipo ena anawapweteka, nanga bwanji ufa umene sitidziwa kuti muli chiyani? Palibe botolo, tiyi kapena ufa wa pa msika umene unasonyezedwapo kuti umasungunula chotupa cha mu ubongo. M'dziko muno muli bungwe la boma loyang'anira mankhwala, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo munthu wonena kuti ali ndi mankhwala a khansa ayenera kukaonetsa umboni wake kumeneko, osati kwa mayi wosauka amene mwana wake akudwala.

Nanga zakudya?

Wina angafunse kuti, kodi ndiye tileke kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba? Ayi ndithu. Chakudya ndi chosiyana ndi piritsi. M'chakudya mavitamini amabwera pa mlingo wochepa, osakanikirana ndi zinthu zina zambiri, ndipo thupi limatengapo zimene likufuna kuti lipange ozimitsa moto ake. Wodwala amene akudya bwino amapirira opaleshoni ndi mankhwala kuposa wofooka ndi njala.

Anthu a ku Balaka ndi ku Machinga ali ndi mwai pa nkhaniyi, chifukwa zambiri zimene ogulitsa amazipera ndi kuziika m'mapaketi okwera mtengo zimamera kuseri kwa nyumba zao. Malambe, amene ana amangobwira poweta mbuzi, ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Pali bwemba, mango, mapapaya ndi magwafa. Pali bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa ndi masamba a chamwamba. Pali mbatata yofiira m'kati, nandolo ndi mtedza, umene uli ndi vitamini E. Chofunika ndi kaphikidwe. Ndiwo zamasamba zikaphikidwa nthawi yaitali, kapena zikathiridwa soda ndi chidulo chambiri, mavitamini ena amaonongeka. Ziphikeni kanthawi kochepa, ndi madzi pang'ono, mutavundikira, ndipo msuzi wake musataye. Mtedza ndi chimanga zochita chuku zitayeni, chifukwa chukucho chili ndi poizoni woononga chiwindi.

Pali mchere wina wa m'nthaka wotchedwa selenium umene tiyenera kuutchula, popeza nkhani yake ndi ya kwathu kuno. Thupi limaufuna pang'ono zedi, koma popanda iwo, mmodzi wa ozimitsa moto amene amagwira ntchito limodzi ndi glutathione amalephera ntchito. Mu 2011 akatswiri a zaulimi, motsogozedwa ndi Dr Allan Chilimba, anafalitsa zimene anapeza atayeza nthaka ndi chimanga cha m'madera ambiri a Malawi. Anapeza kuti m'madera ochuluka chimanga chathu chili ndi selenium wochepa kwambiri, kupatula cha m'nthaka zina monga za m'chigwa cha Shire. Magazi amene anatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anasonyezanso kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka anali operewera mchere umenewu. Izi sizikutanthauza kuti kuperewera kwa selenium ndiko kumayambitsa zotupa za mu ubongo. Zikungotikumbutsa kuti nsima yokha siikwana. Nsomba zili ndi selenium, ndipo matemba a ku Chilwa ndi ku Chiuta kapena usipa wouma wa pa msika ndi zokwanira. Mazira ndi nyama zimathandizanso. Koma mapiritsi a selenium ogula mwachisawawa ndi oopsa, chifukwa ukachuluka m'thupi umasanduka poizoni, umathothola tsitsi ndi kuononga zikhadabo.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo ku chipatala

Mutu umapweteka munthu ali yense, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala malungo, kutopa, ludzu, maganizo kapena mutu waching'alang'ala. Zotupa za mu ubongo ndi zosowa, choncho musachite mantha ndi mutu wa tsiku limodzi. Koma chigaza ndi fupa losatamuka. Kanthu kakamakula m'kati mwake, ubongo umapanikizika, ndipo pamaoneka zizindikiro zimene sitiyenera kuzinyozera.

Chenjerani ndi mutu umene ukunkirankira sabata ndi sabata, wopweteka kwambiri m'mamawa kapena wodzutsa munthu usiku, makamaka ngati ukudza ndi kusanza. Chenjerani ngati munthu wamkulu amene sanadwalepo khunyu wayamba kugwa ndi kuphupha. Dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukamafooka pang'onopang'ono, maso akayamba kuchita chidima kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, khutu limodzi likagontha, lilime likayamba kulemera, pitani ku chipatala. Kwa ana, yang'anirani kudzandira, kusanza m'mawa popanda kutsekula m'mimba, maso kuyamba kupenyera kumbali, kubwerera m'mbuyo pa sukulu, ndipo kwa makanda, mutu kukula mofulumira ndi liwombo kutukumuka.

Chizindikiro chimene chimasokeretsa mabanja ambiri ndi kusintha kwa khalidwe. Bambo wofatsa amayamba ukali wosadziwika bwino, kuiwalaiwala, kulankhula zosalongosoka kapena kungokhala duu tsiku lonse. Achibale amati wapenga kapena amuchita chipongwe, ndipo miyezi imatha akuzungulira naye kwa asing'anga. Sitikunyoza chikhulupiriro cha munthu ali yense, ndipo mapemphero amalimbitsa mtima wa wodwala, koma apemphereredwe ali pa njira ya ku chipatala.

Chifukwa chachikulu chofulumirira ndi ichi: si chotupa chili chonse cha m'mutu chimene chili khansa. Kuno kwathu zambiri zimene zimapanikiza ubongo ndi matenda ochizika. Chifuwa chachikulu cha TB chimatha kupanga chotupa mu ubongo, ndipo chimasungunuka ndi mankhwala a TB omwe timawadziwa aja. Mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zimatha kukhazikika mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Anthu amene ali ndi HIV, makamaka amene sanayambe kapena anasiya kumwa ma ARV, amadwala matenda ena a mu ubongo amene ali ndi mankhwala ake. Palinso mafinya osonkhana chifukwa cha khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali, ndi magazi oundana m'mutu mwa nkhalamba imene inagwa masabata apitawo. Zonsezi zizindikiro zake zimafanana, ndipo palibe munthu angazisiyanitse pongoyang'ana ndi maso. Munthu angathe kufa ndi matenda ochizika ali ndi mabotolo asanu pa mutu pa mphasa.

Ulendo wake umayenda motani?

Yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi pa Ntaja, Nsanama, Chikweo, Phalula, Kalembo kapena pena pali ponse. Fotokozani bwino tsiku limene vutoli linayamba ndi m'mene lakhala likusinthira. Ngati mwabwerako kawiri kapena katatu, malungo sakupezeka, ndipo mutu ukunkabe patsogolo, nenani zimenezi momveka ndi mwaulemu, ndipo funsani ngati nkotheka kukutumizani ku chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka. Bukhu lanu la ku chipatala musalisiye, ndipo musagule latsopano ulendo uli wonse, chifukwa dokotala akaona maulendo onse olembedwa m'bukhu limodzi ndi pamene amazindikira kuti vutoli si la masiku onse. Ngati wodwalayo amagwa kapena wasintha khalidwe, apite ndi munthu amene amakhala naye, woti akafotokoze zimene anaona.

Kuchokera ku chipatala cha boma, wodwala angatumizidwe ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amajambula m'kati mwa mutu ndi makina. Ku Queen Elizabeth kuli madokotala ochita opaleshoni ya ubongo, ntchito imene Professor Patrick Kamalo wakhala akuitsogolera kwa zaka zambiri. Pa chipatala chomwecho, mu 2017 anatsegula nyumba ya Mercy James yochitira opaleshoni ana. Mwana amene chotupa chatseka njira ya madzi a m'mutu angathe kuikidwa kapaipi kotulutsa madziwo, ndipo mutu umapepuka. Kwa zaka zambiri odwala ofuna cheza ankachita kutumizidwa kunja kwa dziko, ndipo ambiri ankamwalira akudikira, koma mu 2025 boma linatsegula malo ake ochizira khansa ndi cheza pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tisakunamizeni kuti ulendowu ndi wapafupi. Mizere ndi yaitali, ndalama zoyendera ndi zosamalira woyang'anira wodwala zimavuta, ndipo zotupa zina sizichizika ngakhale zitapezeka msanga. Koma ndalama zogulira mabotolo atatu zikhoza kufikitsa wodwala ndi womuperekeza ku Blantyre. Ndiponso ngakhale kwa amene chotupa chake sichingachotsedwe, chipatala chili ndi thandizo: mankhwala ochepetsa kutupa kwa ubongo, oletsa kugwa khunyu, ndi morphine wakumwa wothetsa ululu waukulu. Ku Queen Elizabeth ntchito yosamalira odwala otere imachitikira ku Tiyanjane, ndipo m'zipatala za maboma mulinso anamwino ophunzitsidwa ntchito yomweyi.

Ngati wodwala wanu anayamba kale kumwa za pa msika, za kwa asing'anga kapena mapiritsi a mavitamini amene wachibale anatumiza kuchokera ku Joni, musabise ndipo musaope kukalipiridwa. Zitengeni zonse m'thumba, pamodzi ndi mapaketi ake, mukazionetse dokotala tsiku loyamba lomwelo, kuti iye akuuzeni zoti wodwalayo apitirize ndi zoti aleke asanayambe kulandira thandizo.